AReinford ndi kabokosi kaulesi

AReinford adathyola tiyi zaka makumi awiri ndi zisanu mpaka msana udakana. Mu 2008 akuluakulu a esiteti adawapatsa ntchito yopepuka pa kachipatala ka antchito: kusesa, kutchetcha kapinga ndi kupukuta magalasi a sola amene anali atangoikidwa padenga. Koma mkuluyu kukhala pansi sankakudziwa. Ulesi ankadana nawo ngati nsikidzi, ndipo kwa iwo mlesi wamkulu m'Thyolo monse anali mkamwini wawo Bizwick, wokonza magetsi pa esitetipo. "Ntchito yanji yomangoyenda khosi lili m'mwamba kuyang'ana mawaya?" ankatero.

Magalasi aja ankawapukuta ngati mbale za alendo. Chimene ankanyadira koposa chinali kabokosi kapakhoma kotchedwa inveta, kosandutsa mphamvu ya dzuwa kukhala magetsi a m'nyumba, otsala n'kuwatumiza m'mawaya a kunja. Aliyense wodzalandira mankhwala ankayamba waonetsedwa kabokosiko, afune asafune.

Tsiku lina, dzuwa likuswa mtengo, magetsi adathima, kabokosi kaja nako kadangoti zii. Ha, dzuwa lonseli? AReinford adachita mantha zedi, pakuti m'mawa womwewo adatsuka magalasiwo ndi sopo, zomwe akuluakulu aja adawaletsa. "Mayo ine, ndapha chinthu cha eni, ntchito yandithera!" Adakwera padenga, kutsukuluza, kupukuta mpaka ndi malaya awo. Ayi ndithu, kabokosi phee.

Adameza manyazi n'kupita kukafuna mlesi uja. Adampeza ali pamwamba pa polo, pomwe mtengo wa bulugamu udagwera mawaya.

"Akamwini, ndalakwa. Ndapha inveta ndi sopo."

Bizwick adabisa kuseka. "Sikadafe ayi, bambo. Kamatsatira magetsi a m'mawayamu monga kwaya imatsatira woyambitsa nyimbo. Iwo akasiya, nako kamasiya dala."

"Ndiye n'kaulesi! Dzuwa lili ngwee, iko kakudikira anzake?"

"Kakadakhala kakhama ngati inu, bwenzi kakutumiza moto m'waya ndagwirayu, ine osadziwa. Mwana wanu Vailet bwenzi pano ali mkazi wamasiye."

AReinford adayang'ana waya uja, adayang'ananso dzanja la mkamwini wawo. Munthu amene sadaonekepo atakhala pansi nthawi ya ntchito adakhala pa chitsa, chipewa chili m'manja.

"Musafulumire, akamwini," adatero chapansipansi. "Gwirani pang'onopang'ono, ine ndidikira pompano."