Buku la timapaketi ta mbewu

Mdzukulu wanga wamkazi anali ndi zaka zinayi pamene anamubweza kusukulu ya mkombaphala dzuwa lisanakwere. Mlezi amene anamuperekeza anakhala pakhonde panga n'kunena mosazungulira kuti mwanayu wamenya mnzake ndi chikuni pakhosi, ndipo aka sikanali koyamba. Akamamenya amakuwa kuti, "Ndikudula mutu." Makolo a ana enawo anali atadandaula. Mleziyo anati timusunge kaye pakhomo tikonze zinthu, ndipo akadzabwerera n'kubwerezanso, sadzamulandiranso.

Ndinapsa mtima, ndipo poyamba ndinapsera mleziyo. Ndinalowa m'nyumba kukatsegula sutikesi yanga yachitsulo. Ine pepala sinditaya. Muli makadi a sikelo a ana anga onse, mapepala a ubatizo, ngakhale timapaketi ta mbewu zimene ndinafesa kudimba, kalikonse nditalemba kumbuyo kwake mwezi umene ndinafesa. Ndinatulutsa buku la kuchipatala la mwanayo kuti aone yekha kuti sanadwalepo matenda a mutu.

"Sitikunena kuti akudwala, agogo," anatero mleziyo osalitsegula n'komwe. "Tikufunsa kuti mawu amenewa akuwamva kuti."

Amake a mwanayu ndi mwana wanga wotsiriza, ndipo nyumba yake ili kuseri kwa yanga. Mwamuna wake amagwira ntchito kutali. Miyezi yozizira mwana wangayo amalawirira kudambo kukathirira kachewere. Mwana akapanda kupita kusukulu ndiye kuti azitsika naye m'chisanu chija, chikhalirecho ndi mwana wa chifuwa. Ine miyendo yothamangitsira mwana inatha kale.

Pofufuza tinafika pa foni. Akamaphika kapena akapita kukatola nkhuni m'mphepete mwa phiri la Chongoni, amake ankamusiyira foni kuti azionera zidole. Zidolezo anakamuikira pa memori khadi bambo wina wa kashopu ku Mayani tsiku la msika. Amakewo anangomuuza bamboyo kuti, "Ndiikireni za ana." Tinakhala pamphasa tonse awiri n'kuyamba kuonera. Choyamba chinali cha abakha oimba m'Chingerezi. Chachiwiri chinali cha anthu ojambula a maso akuluakulu, akudulana ndi malupanga, magazi akuthovoka mpaka kudenga. Mwana wanga anagwira pakamwa.

"Amayi, ine ndimati chidole chilichonse ndi cha ana."

Sindinamukalipire. M'mudzi muno amayi onse ankaganiza choncho.

Tsiku la msika litakwana tinapita limodzi. Bambo wa kashopuyo anandilandira mwansangala.

"Mwaswera bwanji, agogo? Nanunso mukufuna nyimbo za kwaya?"

"Ndikufuna mundiuze ngati zimene mumaikira anthu mumayamba mwazionera."

Anaseka. "Ndikati ndizionera zonse, ntchito ndigwira nthawi yanji? Chidole ndi chidole basi."

"Masese nawo amaoneka ngati phala. Wanu mwana mumamumwetsa?"

Amene ankadikira pakhomo anaseka, iye sanaseke. Mayi wina wogulitsa anyezi anamasula foni yake pansonga ya chitenje n'kuyamba kuiyang'ana mokayika. Ine ndikanapitiriza, chifukwa mawu ndinali nawo ambiri, koma mwana wanga anandigwira mkono. Anapempha bamboyo kuti afufute zonse, kenako aziika chimodzichimodzi iye akuona poyambira, pakati ndi pothera. Anasankha zochepa: nyimbo zowerengera manambala, ndi china cha nyama zakutchire. Mzere unatalika, anthu anang'ung'udza, iye sanasunthe.

Kunyumba mwana analira. Ankafuna za malupanga zija. Amake anafunsa m'magolosale ngati muli buku la zithunzi la mwana wamng'ono, koma anangopeza makope. Madzulo ena ndinamuona akuyang'anitsitsa sutikesi yanga.

"Amayi, timapaketi tanu tija."

"Tatani?"

"Tili ndi zithunzi."

"Tilinso ndi miyezi yanga kumbuyo."

"Kabichi amene munafesa ine ndisanakwatiwe tinadya kale, amayi."

Ndinakopera kaye miyeziyo papepala lina, kenako ndinamupatsa. Anatisoka ndi ulusi wa thumba la feteleza, chikuto chake katoni ya sopo. Munali kabichi, karoti, tomato, mpiru, anyezi ndi tsabola. Akabwera kudambo ankakhala naye mwanayo pamiyendo n'kumamufunsa kuti ichi n'chiyani, nanga ichi. Posakhalitsa mwanayo anayamba kupeka zake. Ankati kabichi ndi bambo wonenepa amene wakana kukwera njinga kupita kumsika, ndipo karoti ndi mkazi wake akumunyengerera. Anang'amba tsamba la tomato. Ndinaluma mano n'kulimata ndi phala.

Kumenya sikunathe tsiku limodzi. Anamenyabe mbuzi, ndipo amake anamugwira dzanja n'kumuonetsa mmene mbuziyo ikutsimphinira. Koma mawu odula mitu aja anayamba kuchepa. Amayi anzake atamva, ankamufunsa mwana wanga kumjigo kuti aziikira ana chiyani. Iye sankatchula zambiri. Ankati chilichonse uyambe waonera wekha mpaka kumapeto, mwana azionera pamene iwe ukumva mawu ake, ndipo buku ndi la anthu awiri, si lomusiyira mwana yekha. Ena anabwera kwa ine kudzapempha timapaketi. Ndinawafunsa kumene anataya tawo. Zaka zonsezi akhala akutisiya tikuuluka m'madimba, lero ndiye atidziwa.

M'mawa umene anabwerera kusukulu ndinamuperekeza ndine, chifukwa amake anali kudambo. Mwanayo anakana kusiya buku lake. Ana anali atakhala pansi pakhonde la tchalitchi chimene amaphunziriramo kuothera dzuwa, ndipo ine ndinaima chapatali ndi mlezi uja. Kamtsikana kena kanangofika n'kutsomphola bukulo. Mdzukulu wanga anaimirira, nkhope itachita tsinya, dzanja lili m'mwamba. Mleziyo anayamba kuyenda molunjika kumeneko.

Mdzukulu wangayo analanda bukulo mwamphamvu, mnzakeyo mpaka anadzandira. Kenako anakhala pansi n'kulitsegula pamiyendo.

"Iwe sudziwa. Sayambira kumeneko. Amayambira pa bambo wonenepa."

Kamtsikanako kanasendera pafupi. Ena awiri anabweranso kudzasuzumira, ndipo mkangano unabuka woti tsabola ndi mwana wa ndani. Mleziyo anaima kanthawi akuwayang'ana, kenako anabwerera pamene ndinali.

"Kulandako tikonza pang'onopang'ono," anatero. "Mukawauze amake kuti mwanayu mawa abwerenso, ndipo asaiwale nkhuni yophikira phala."