Chitsulo cha a Mwale

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene lole ya asilikali inafera pamsewu waukulu pafupi ndi kwathu ku Lisasadzi. Inali nyengo yodinda fodya, ndipo fungo lake linali ponseponse, m'zigafa, m'malaya, ngakhale m'makope athu a kusukulu. Loleyo inali yaitali, yobiriwira, yogulidwa kunja. Chinathyoka chinali chitsulo chachifupi chogwira sipuling'i ya kumbuyo, chosaposa mkono wanga.

Dalaivala wake, msilikali wachikulire wosakonda zolankhula, anafunsa ngati m'deralo munali wowotcherera. Anthu anamulozera kwa a Mwale, amene ankapanga ngolo ndi majeke odindira fodya. A Mwale anagwada pansi pa lole, nayeza chothyokacho ndi ulusi. Kenako anapita kukadula chitsulo cha jeke yawo yomwe, imene alimi ankabwereka chaka chilichonse. Anachisula masiku awiri. Mwana wawo wamkazi, Tadala, amene tinali naye kalasi imodzi, ndiye ankapukusa chopemerera moto. Tsiku lachitatu anachimanga, lole inayenda mpaka pamlatho ndi kubwerako, dalaivala n'kuwagwira chanza a Mwale ndi manja awiri.

Masana a tsiku lomwelo kunafika mkulu wa asilikali pa galimoto yaing'ono. Anasuzumira pansi pa lole, nafunsa kuti chitsulo chatsopanocho chachokera kuti. Dalaivala anayang'ana kumbali. A Mwale anakhala chete. Ine ndinali mwana wa mphunzitsi, wozolowera kukweza dzanja ena asanaganize, ndipo ndinkanyadira zomwe ndinaona.

"Achipanga a Mwale, bwana. Adula jeke ya fodya."

Mkuluyo sanakalipe. Anafotokoza mofatsa kuti galimoto ya boma siyenda ndi chitsulo chosadziwika, kuti chenicheni achiitanitsa kumene loleyo inachokera, ndipo analamula kuti achimasule. A Mwale anachimasula okha. Anachisiya pafumbi n'kumapita kwawo osatembenuka.

Bambo anga atamva sanandimenye. Anandiuza kuti ndikatole chitsulocho, ndichinyamule pamutu mpaka kwa a Mwale, ndikapepese. Chinali cholemera kuposa mmene chinkaonekera, ndipo chinali chikadanunkha girisi. Ndinawapeza atakhala pafupi ndi jeke yawo yoduka. Ndinatula chitsulocho n'kugwada.

"Dzuka, mwana wanga, iwe sunaname," anatero. "Ine ndinakhala chete chifukwa ndimadziwa kuti kuno chinthu chikadziwika kuti tapanga ife, chimasiya kugwira ntchito."

Lole ija inakhala pamsewu mpaka mvula yoyamba, asilikali awiri akusinthana kuilondera, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Chaka chimenecho alimi a kwathu anakadinda fodya kutali, ena mochedwa. A Mwale sanapangenso jeke ina. Chitsulo chija anachitenga Tadala.

Patapita zaka tinakumananso ku koleji, iye akuphunzira zopanga makina, ine zauphunzitsi, ndipo tinakwatirana. Ankakonda kundiseka kuti ndine munthu woyamba kuulula chinsinsi cha asilikali. Koma pa nkhani yeniyeniyo sankaseka. Ankati dziko limene silingathe kudzipangira chitsulo chimodzi cha lole ya asilikali ake likudziteteza ndi manja a eni. Sankakamba za ndege kapena mizinga. Ankakamba za nsapato, matenti, masipuling'i, zitsulo zing'onozing'ono zimene anyamata a pamsika wa Kasungu angathe kuphunzira kupanga bwino, boma likawapatsa muyeso ndi poyesera. Analemba makalata angapo ku maofesi, ndi zojambula zake zomwe. Yankho linabwera limodzi, lomuthokoza, lonena kuti katundu wotere amaitanitsa kunja.

Tadala anamwalira chaka chatha, pobereka. Ambulansi ya pachipatala chaching'ono cha kumene ndimaphunzitsa inali itakhala pa njerwa miyezi ingapo, ikudikira chitsulo chochokera kunja. Tinapeza galimoto ina, koma mochedwa. Sindinenanso zambiri pa zimenezi.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la tsiku lija linali losunga pakamwa. Tsopano ndikuona kuti ngakhale ndikanakhala chete, tikanangopulumutsa lole imodzi mobisa, ngati akuba. Mkulu uja sanalakwe kufuna chitsulo choyesedwa. Chimene sanachite, ndipo mpaka lero sindinaone wina akuchita, ndi kuchitenga kukachiyesa. Sindikuyembekezera kuti ndidzaziona. Ana anga a sukulu akafuna kuyamikira chinthu amati n'chakunja, ndipo ndinasiya kuwadzudzula.

Chitsulo cha a Mwale chili m'nyumba mwanga, pamwamba pa katoni ya zojambula za Tadala. Nthawi zina ndimachipaka mafuta. Sichinapindike, sichinang'aluke, ndipo palibe amene adzadziwe mtunda umene chikanayenda.