Dzina la tcheyamani limachokera pathandala

Ndinanyamuka pa Mangochi boma Loweruka sikisi koloko m'mawa, chikwama chili pachifuwa. M'katimo munali kafukufuku wanga wa momwe asodzi a ku Makanjira amasankhira komiti ya padoko. Kafukufukuyu anali atangopambana mphotho m'dipatimenti yathu ya maphunziro a zandale. Lachiwiri ndimayenera kukamuwerenga pamaso pa aphunzitsi ndi alendo. Koma ndinali nditalonjeza Abiti Saidi, mayi woyanika usipa amene anandisunga milungu iwiri, kuti oyamba kumva adzakhala eni ake.

Lole ndinalipira K12,000, mpando wake thumba la mchere. Titawoloka Shire, kondakitala anandifunsa zomwe ndimaphunzira.

"Zandale? Ndiye bwana MP, mukadzawina musadzaiwale msewu uno."

Ku Malindi tinkasekabe. Kupitirira Lungwena panalibenso woseka. Fumbi linatilowa mpaka m'mano, ndipo pamlatho wina wa matabwa tinatsika tonse n'kuwoloka wapansi. Chinangwa chokazinga chomwe ndinagula ndinadyera fumbi lomwelo.

Cha m'ma thu koloko ndinawapeza Abiti Saidi pathandala, akutembenuza usipa ndi anzawo anayi.

"Iwe, wabweradi? A mapepala sabwereranso kuno."

Ndinakhala pandowa n'kuyamba kuwerenga, modzidalira ndithu. Nditafika pomwe ndinalemba kuti amuna amasonkhana pansi pa mtengo, n'kukweza manja, wa manja ambiri ndiye tcheyamani, amayi onse anaphulika kuseka.

"Anakuuza ndani?" anafunsa Abiti Saidi.

"A tcheyamani eni ake."

"Eya, manja amakwezadi. Koma dzina limachokera pano. Sabata ya chisankho timakambirana uku tikuyanika: uyu amakondera abale ake, uyu amalekerera maukonde opha tiana ta nsomba. Tikagwirizana, aliyense akauza wa kunyumba kwake. Wokana, nsomba zake aziyanika yekha."

Ndinachita manyazi osaneneka. Milungu iwiri ndinagona m'nyumba mwawo, koma kope langa ndinkathamangira nalo kwa amuna.

"Nanga bwanji simunandiuze, mayi?"

"Ife unkangotifunsa za ndiwo."

Lamulungu m'mawa ndinakwera lole yomweyo, kope lili pabondo, zilembo zikudumpha ndi mabampu. Ndinadziwa kuti ndikukatsutsa pepala lomwe linandipatsa mphotho, ndipo mwina aphunzitsi sakondwa. Sizinandiopse. Zomwe ndikayankhule Lachiwiri tsopano ndimazidziwa bwino kuposa zomwe ndinalemba, ndipo ndinaphunzira kuti wofufuza ayambe kufunsa amene akumupatsa madzi osamba.

Pofika pamlatho wa Shire ndinali ndi masamba asanu atsopano. Pamwamba pake ndinalemba dzina la Abiti Saidi, pakuti potsanzikana ndinawafunsa ngati ndiwabise.

"Lemba, mwanawe," anatero. "Amuna athu amadziwa kalekale. Amene sankadziwa ndi a ku koleji okha."