Phala Lakuda la Amai a Yeukai

Tsiku limene namwino anadina phazi la Yeukai, chala n'kusiya kadzenje kosabwerera, Malita anangoti kakasi. Mwana wake mmodzi yekhayo anali atatupa miyendo, tsitsi litafiira, ngakhale kulira akulephera.

Mavuto anali atamuunjikira kale Malita. Famu ya ku Odzi, kumene makolo ake anafikira pochokera ku Malawi, inali itagawidwa kwa anthu ena. Ntchito inatha, mwamuna anapita ku Joni osatumizako ngakhale moni, Malita n'kukapezeka m'kachipinda ka lendi m'tauni, ku Dangamvura.

"Amai, mwanayu mumamudyetsa chiyani?" anafunsa namwinoyo.

"Phala la ufa woyera, sisita. Woyera mbee! Ndimakonola ndekha, kuviika, kuyanika. Gaga ndimapatsa nkhuku za eni nyumba."

Namwino anapukusa mutu. "Ndiye nkhukuzo zanenepa, eti?"

Mawuwo anamulasa mumtima. Paja ife ana a Amalawi ufa woyera timauyesa ulemu, mgaiwa timati ngwa osauka, chonsecho osaukawo ndife tomwe. Malita ankamukonda kwambiri mwanayo, ndipo chifukwa cha chikondi chomwecho ankamuchotsera zonse zopatsa thanzi.

Analira njira yonse mu kombi, kaminibasi kobwerera kunyumba. Kutacha anakagayitsa chimanga chosakonola, n'kusakaniza ndi soya wokazinga ndi nsinjiro, monga anamulangizira kuchipatala. Linatuluka phala lakuda, losasiririka.

Lero Yeukai ankadya mpaka kunyambita supuni, mawa lake n'kulavula. Malita anazindikira kuti vuto ndi dzanja lake: pena latapa zambiri, pena zochepa, soya lero wapserera, mawa ngwamuwisi. Anasiya zongoyerekeza. Anapatula kapu imodzi yoyezera, ndipo soya ankamuphula atafika mtundu womwewo nthawi zonse.

Pang'onopang'ono miyendo inaphwa. Mwana anayamba kusokosa m'nyumba, ndipo phokosolo linkamukomera mayi wake kuposa nyimbo.

Azimayi omwe ankaseka phala lakudalo ndi amene anayamba kugogoda pakhomo, timabakete tili m'manja. Kenako sukulu zamkaka zinayamba kuitanitsa. Malita anagula sikelo, n'kuphunzira kuthiramo ufa wa mavitamini, umene sufuna kuyerekeza ngakhale pang'ono. Lero ali ndi chigayo chakechake, akugwira ntchito ndi azimayi anzake ochokera m'makomboni a m'mafamu, ndipo paketi ya lero imakoma chimodzimodzi ndi ya chaka chatha.

Yeukai anakula, koma msinkhu unatsalira. Ndi wamfupi kuposa anzake onse, ndipo ndiye amayang'anira zosakaniza kuchigayoko. Tsiku lina Malita anamuona atakwera pampando kuti afikire shelefu, misozi n'kulengeza.

"Mwana wanga, msinkhu wako ndinakulanda ndine."

Yeukai anaseka ali pampando pomwepo. "Aa, Mhamha, tasiyani zimenezo. Wamfupi amakwera pampando. Nanga wakufa angakwere pa chiyani? Tandipatsirani thumbalo, ana a eni akudikira."

Inu owerenga, mwina nanunso munavulaza amene mumamukonda musakudziwa, ndipo manyazi akukulemerani mpaka lero. Madzi akatayika sawoleka, n'zoona. Koma mukhoza kukonza chimene chatsala, ndipo ana a anzanu angapulumukirepo. Pukutani misozi, dzukani, osataya mtima.