Ng'ombe za Bambo za m'Laputopu

"Kodi Mayi a Tadala, mwana wa zaka zisanu n'kumutsegulira dzina lakelake pa kompyuta, ndi pasiwedi yakeyake? Magemu ake si omwewo akusewera ana a mng'ono wanu?" Anandifunsa choncho Mayi Banda, aneba anga kuno ku Mufakose, atandipeza pakhonde ndikulimbana ndi laputopu. Ndinawayankha kuti magemu tizigawana, koma dzina aliyense lake. Chifukwa chake sindinawauze, poti anali ndi ndowa ya madzi pamutu. Ndiye ndati ndichilembe pano.

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinkayamba giredi sikisi. Amalume anga a Dikisoni, omwe ankagwira ntchito ku Joni, anabwera pa Khrisimasi ndi malaputopu awiri akale. Imodzi anasiya kwathu, ina anakapereka kwa mayi aang'ono ku Highfield, kufupi ndi mashopu a pa Machipisa. Yathuyo inali ndi mng'alu pakona ndipo inkatentha ngati simbi, moti tinkaisanjika pa njerwa ziwiri kuti izipuma. Amalume analowetsa dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi m'makina onse awiri. Akagula gemu ku Joniko, inkatulukira kwathu ndi ku Highfield komwe, bola tibaye kachipangizo ka intaneti konga chala, kamene tinkati dongulo.

"Ndinu banja limodzi, mayina awiri n'ngachiyani?" anatero amalume. "Kakatuluka kabokosi kofunsa za Chingerezi, musavutike, ingodinani pamwamba."

Magemu analipo angapo, a mpira, a magalimoto othamangitsana, koma ine mtima unagwera pa ya ulimi. Unkapatsidwa thengo, khasu ndi nkhuku imodzi. Zina zonse udzionere.

Bambo anga anagwira ntchito zaka zambiri pa pulazi ina, akuyang'anira ng'ombe. Pulaziyo itatha, anthu a pa komboni n'kubalalika, tinabwera kutauni ine ndili kumbuyo kwa amayi. Kuno ankasenza matumba m'madepoti a ku Workington, ndipo za pulazi sankazikamba ngakhale pang'ono. Loweruka lina anaima kumbuyo kwanga, akununkha simenti ndi thukuta, n'kuyang'ana kanthawi.

"Khola kumtunda kwa chitsime? Mvula ikagwa muzimwa ndowe. Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

Anakoka kileti ya mabotolo yomwe inkakhala kuseri kwa chitseko, n'kuikhalira. Kuyambira tsiku limenelo, Loweruka lililonse magetsi akakhalapo, tinkalima. Laputopu sankaikhudza, ati zala zawo n'zokakala angaiboole. Ankangoloza ndi kamtengo ka machesi. Ine manja, iwo mutu. Damu kumunsi, minda itatu ya chimanga chakum'mawa, mzere wa mitengo ya mango m'mbali mwa msewu. Panatenga nthawi kuti ndizindikire kuti sitinkamanga pulazi wamba. Tinkamanga pulazi yeniyeni ija bambo ankagwirako ntchito.

Ng'ombe iliyonse tikagula, ankaitcha dzina la ng'ombe yeniyeni imene anaiwetapo, ndipo dzina linkabwera ndi nkhani yake. Dona ankayenda monyada ngati mkazi wa bwana. Kamwendo anathyoka ali thole, bambo n'kumumanga ndi nsungwi mpaka anachira. Chitedze anathamangitsa dokotala wa ziweto mpaka pamwamba pa thirakitala. Amayi ankakuwa ali panja pochapa, "Dona anali wakuda, inu, osati wofiirayo!" Bambo n'kuseka mpaka kutsokomola. Kuseka kwamtundu umenewo ndinali ndisanakumvepo m'nyumba mwathu. Pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri tinali ndi ng'ombe khumi ndi zinayi.

Ndiye zinayamba zachilendo. Loweruka lina tinapeza Dona atavekedwa chipewa cha pinki. Sabata yotsatira, mtengo umodzi wa mango unali utadulidwa, pamalo pake pali kanyumba ka maluwa.

"Ndiye kuti ndi m'makina momwe muli olowerera minda ya eni?" anafunsa bambo, osaseka.

Ndinatsimikiza mumtima kuti ndimugwira. Ndinkabisa laputopu pansi pa matiresi popita kusukulu, ndinkamanganso ulusi pa chivundikiro chake kuti ndione ngati wina watsegula. Ulusi unkakhala bwinobwino, koma maluwa ankangochuluka. Kenako ndinaona kuti pabwalo pawonjezeka nkhuku, ndipo ili ndi dzina: Chiso. Chisomo anali mwana wa mayi aang'ono, wa zaka zisanu ndi zinayi. Apa m'pamene zinandilowa kuti pulazi yathu sinkagona m'laputopu yathu yokha. Inkatsata dzina la amalume lija, ndipo dzinalo linalinso ku Highfield. Ife tinkalima Loweruka, iye mkati mwa sabata akaweruka kusukulu.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi sindinapemphe ndalama ya kombi, minibasi zathu zakuno, poti yankho ndinkalidziwa kale. Ndinauyamba wapansi wa ku Highfield. Dzuwa linkawawa ngakhale inali nyengo yozizira, fumbi lolowa m'mano, fungo la maputi, chimanga chokazinga, m'mbali mwa msewu likundikumbutsa kuti sindinadye. Patapata anaduka ndili pakati pa mafakitale, ndinatola waya n'kumanga. Makondakitala ankakuwa "Machipisa! Machipisa!" ine osacheuka. Nditaona makoma a bwalo la mpira la Gwanzura ndinadziwa kuti ndafika.

Ndinamupeza Chisomo ali pa laputopu, akudyetsa Kamwendo.

"Iwe Chiso, ng'ombe za bambo anga ukuzitani?"

"Handina kuba, sisi!" anakana m'Chishona kuti sanabe, poti Chichewa chinkamuthawa akachita mantha. "Ndinaipeza ili momo. Ndimayesa amalume anandipangira ine. Komanso zimakhala ndi njala sabata yonse, ndimazidyetsa ndine."

Zinali zoona, koma mapazi ankandiwawa kwambiri kuti ndivomere. "Usadzaikhudzenso, wamva? Ukafuna kulima, yamba munda wakowako."

Ananyambita chala n'kuloza kumwamba polumbira. Mayi aang'ono anandipatsa tiyi ndi buledi, n'kundikweza kombi. Kunyumba amayi anandilandira ndi patapata wawo chifukwa chochoka osatsanzika, koma ndinagona ndikumwetulira. Ndinali nditateteza pulazi ya bambo.

Chisomo anasunga lonjezo lake. Lolemba anatsegula gemu, osakhudza kanthu kathu, n'kudina poyambira munda watsopano, ndendende mmene ndinamuuzira. Chimene tonse sitinkadziwa n'chakuti gemu imeneyo, pa dzina limodzi, inkasunga munda umodzi basi. Watsopano ukabwera, wakale umafufutika.

Loweruka bambo anasamba, anakoka kileti yawo, kamtengo ka machesi kali m'manja. Anali ndi pulani yomanga dibi la ng'ombe kuseri kwa khola. Ndinabaya dongulo. Kanatuluka kabokosi kofunsa za Chingerezi, ine n'kudina pamwamba monga tinaphunzitsidwira. Panaoneka thengo, khasu, ndi nkhuku imodzi yotchedwa Chiso.

Ndinatseka, n'kutsegulanso. Ndinazula dongulo, ndinachotsa batire, ndinauzira mpweya m'timabowo ta laputopu. Thengo lomwelo. Bambo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaika kamtengo kaja pakamwa.

"Chabwino," anatero. "Aka n'kachiwiri."

Anabwezera kileti kuseri kwa chitseko n'kupita kukathirira ndiwo.

Ine sindinagonje. Ndinawavutitsa amalume pa foni ya aneba mpaka ananditsegulira dzina langalanga, ngakhale anandiuza mosabisa kuti pulazi yakale siingabwerere. Ndinayambanso ndekha pa njerwa ziwiri zija. Damu kumunsi, khola kutali ndi chitsime, mango m'mbali mwa msewu. Zonsezo ndinali nazo m'mutu. Koma nditagula ng'ombe yoyamba n'kuwaitana bambo, anangoti, "Tcha mayina ako, mwana wanga. Angawo asiye apume." Pa kileti sanakhalenso. Ine ndi amayi tinakumbukira mayina asanu ndi anayi. Enawo amayi anati anali a ng'ombe za kudambo, zomwe ankazidziwa bambo okha. Sukulu ndinalekezera giredi seveni, laputopu inafa chaka chotsatira, ndipo bambo anatisiya ndili ndi pakati pa Tadala.

Masiku ano zinthu zinasintha. Magemu akugula ndi Chisomo, mng'ono wanga uja, amene tsopano ali pantchito, ndipo akufika kwa ana ake ndi kwa wanga, koma aliyense amalowa ndi dzina lake, munda wake osakhudzana ndi wa mnzake. Kukonza zimenezo kumanditengera masana onse, poti Chingerezi chake ndimachiwerenga liwu limodzilimodzi, koma sindidzuka ndisanamalize. Tadala amadandaula kuti ndikumuchedwetsa. Ine ndimamuuza kuti adikire.

Mayi Banda, mukadzawerenga, chimene chinatayika ndi ichi: miyezi isanu ndi iwiri ya Loweruka, minda itatu, damu, mzere wa mango ndi ng'ombe khumi ndi zinayi. Minda ndinalimanso, ng'ombe ndinagulanso. Mayina asanu sanabwerere.