Kagalasi ka Amake Tamanda

Ndinadzuka kusanache, sitima ya katundu isanadutse. Ndinali nditagona panja ndi amuna anzanga, pafupi ndi chitsa chimene chinayaka masiku atatu. M'nyumba amayi a kumpingo anachezera kuimba, koma tsopano nyimbo zinali zitaleka, kwangotsala manong'onong'o. Ndinapemphera mwachidule. Ndinadziwa kuti akunong'onezana za ine.

Mkazi wanga, amake Tamanda, anaphunzitsa bayoloje kusekondale kuno ku Kafue kwa zaka zambiri. Ankagula mapiko a nkhuku kumsika n'kuwasenda patebulo lathu, ine n'kukhala mwana wasukulu woyamba. Ankandionetsa khungu lophimba, mnofu wokoka, mtsempha womanga mnofu ku fupa. Ankati maselo ofanana akagwirizana pa ntchito imodzi amapanga tishu, matishu amapanga chiwalo, ziwalo n'kupanga thupi. Chinkamuwawa n'chakuti timagalasi toonera pa maikulosikopu ta kusukulu tinasweka kalekale, ana ankangojambula za pabolodi zimene sanazionepo.

Khansa ya m'bere itamugwira, madokotala ku Lusaka anadula kanyama kuti akapime. Mmodzi wa iwo anali atadutsa m'kalasi mwake, ndipo mkazi wanga anamupempha kuti amukonzere kagalasi kamodzi ka ana asukulu. Kanyamako kanali kopyapyala kuposa khoko la anyezi, kopakidwa utoto wofiirira. Kutatsala masabata awiri kuti amwalire anandipatsa kagalasiko m'manja, nati ndikapereke kusukulu iye akapita. Ndinalonjeza, n'kukaika m'dilowa.

Pamaliro timatulutsa katundu m'nyumba kuti anthu apeze pokhala. Dzulo la tsiku loika maliro amayi akusuntha kabati ya kuchipinda anapeza kagalasi kaja, dzina la mkazi wanga litalembedwapo. Anakapereka kwa mlamu wanga, mchimwene wake wamkulu wa malemu, amene anabwera kuchokera ku Petauke. Pofika m'mawa nkhani inali itakula: akuti ndinasunga nyama ya mkazi wanga kuti ndilemere nayo. Achinyamata ena a mapemphero anaima pageti n'kumadzudzula mizimu yoipa mokweza.

Dzuwa litatuluka, amayi okasambitsa thupi anakwera lole yopita kumochale. Mlamu anakaima kutsogolo kwake, kagalasi kali m'thumba la malaya.

"Mlamu, mlongo wanga sitimuika wopelewela," anatero. "Aka kabwelele pathupi pake, ndipo mutiuze twinangu munaika kuti."

Ndinafotokoza kamodzi, kudzera mwa mkulu wa mpingo, monga ayenera kuchitira wofedwa. Sanakhulupirire. Sindinamuweruze. Iye anamulera, anamulipirira sukulu ndi thonje la m'munda mwake, ndipo anafika atamwalira kale. Koma nanenso sindikanalola kuti kalowe m'bokosi, chifukwa ndinalonjeza munthu amene sindingathenso kukambirana naye.

Unali Okutobala, ndipo pofika naini koloko malata anali atayamba kulira ndi kutentha. Anthu ankabwerabe: aphunzitsi ochokera ku Kafue Estates, alimi a ku Shimabala ndi makabichi, amayi a nsomba a ku Chanyanya panjinga. Kuseri kwa nyumba utsi unkakwera, nyemba zinapsa n'kuphulidwa. Okumba manda anatumiza uthenga kawiri. Abusa ankayang'ana wotchi. Lole sinasunthe.

Mayi wina wa Chibemba, mnansi wathu, anayesa chimbuya, nthabwala zija zimene Abemba ndi ife a kum'mawa timaloledwa kunyozana nazo ngakhale pamaliro. Anamuwaza mlamu ufa kumutu.

"Imwe ba mulamu, mbeba mumadya na matumbo yonse, lelo muyopa kagalasi?"

Ena anaseka pang'ono. Mlamu anamuuza kuti akaphike nyani wake, poti Abemba timawanena kuti amadya anyani, koma sanachoke pamalopo.

Kenaka mphunzitsi mnzake wa malemu anatulukira atanyamula maikulosikopu ya kusukulu yokulunga m'chitenje. Anaiika pabenchi pakati pa bwalo, n'kupendeketsa kalilole wake kuti agwire dzuwa. Anapempha mlamu kuti aone yekha. Mlamu anakana, nati sanabwere kusukulu.

Apo ndi pamene apongozi anga, mayi ake a malemu, anatuluka m'nyumba atagwiridwa ndi amayi awiri. Chibwerereni anali asanalankhule ndi munthu. Anatambasula dzanja kwa mwana wawo, ndipo iye anawapatsa kagalasi. Mphunzitsi anakaika pamalo pake. Apongozi anawerama, n'kutseka diso limodzi ndi chikhato.

Mphunzitsi anawauza motsitsa mawu kuti kumanzereko, kumene maselo afola bwino ngati mizere ya m'munda, ndiko kunali thupi labwino. Kumanjako, kumene aunjikana mopanda dongosolo, akuluakulu ndi akuda, ndiwo matenda. Apongozi anayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa ngati chimenecho ndicho chinapha mwana wawo, ndipo anauzidwa kuti inde.

Anaweramuka n'kutembenukira kwa mlamu.

"Ndiye ukufuna ndimugoneke mwana wanga pamodzi ndi chimene chamupha? Chipite kusukulu komweko, ana akachidziwe nkhope."

Mlamu anayang'ana pansi, ufa ukadali kumutu. Patapita kanthawi anachoka kutsogolo kwa lole.

Tinalowa m'tchalitchi dzuwa litapendeka kale. Popita kumanda ana asukulu anayenda kutsogolo ndi yunifomu, fumbi likuwafika m'maondo, ndipo magalimoto a ku Lusaka anaima kutipatsa njira. Ndinaponya dothi, Tamanda mwana wathu anaponya, kenaka mlamu. Pobwerera anasamba m'manja pageti pambali panga. Anandipatsira sopo.

Madzulo anthu ambiri anali atapita. Mipando inali ikadali panja, chitsa chitazima. Ndinalowa kuchipinda n'kupeza kabati itabwezedwa mokhota, dilowa ili yotsegula. Pamenepo ndinakumbukira kuti inenso sindinasuzumire mu maikulosikopu muja. Mphunzitsi uja, amene anatenga kagalasi, anali atandiuza potsanzikana kuti ndikhoza kubwera Lolemba, ana a giredi teni akayamba phunziro la matishu. Ndinatseka dilowa, n'kutulutsa malaya oyera oti ndisite. Lolemba amake Tamanda ali ndi kalasi.