Malikisi Awiri a Mwana wa Lorraine

Mng'ono wanga Lorraine sindinamuonepo atakhala pansi mpaka kumaliza tiyi wa m'kapu. Amamwa choimirira, kapu aisiya pawindo, wakumbukira zochapa, wakumbukira amphaka, basi tiyi wazizira. Ukapita kwake umangoona makapu atheka-theka paliponse, ena mpaka kubafa. Ine zimandinyansa, ndipo amadziwa.

Sukulu anaisiya ali ndi zaka 16, n'kukalowa fakitale ya mapepala a kuchimbudzi kuno kwathu ku Barrow. Anakwatiwa ndi mnyamata wina wowotcherera zitsulo kudoko kumene amapanga sitima, koma bamboyo atangoona kuti mwana wayamba kuyenda, nayenso anayenda. Lorraine anatsala ndi kamtsikana kake, Keeley. Fakitale itachepetsa anthu, ndine ndinam'pezera ntchito pakoleji pomwe ndimaphika, pomwe ana amaphunzira zaka ziwiri zomaliza asanapite kuyunivesite. Ntchito yake inali yoyang'anira mayeso m'holo. Inamuyenera ngati anachita kumuyeza, chifukwa ndi ntchito yokhayo padziko imene amakulipira kuti uzingoyenda yakaliyakali maola atatu osakhala pansi.

Pofika nthawi ya nkhaniyi anali ataigwira zaka khumi ndi chimodzi, ndipo m'pamene panachokera matenda ake odziwa zonse. Pa nkhani ya mayeso Lorraine sumuuza kanthu. Amadziwa mwana amene walira kuchimbudzi, amadziwa amene wabisa foni m'sokosi, amadziwanso kuti phunziro lililonse la sayansi linali ndi malikisi 600: theka chaka choyamba, theka chaka chachiwiri. Ukaphatikiza n'kufika 480, wapeza A. Masiku amenewo mwana amaloledwa kubwereza mapepala a chaka choyamba kuti akweze malikisi, ndipo Lorraine anaona ana ambirimbiri akuchoka pa B kufika pa A mwa njira imeneyi. Zimenezi anazidziwa bwino, sindingamunamizire.

Kenaka akuluakulu a mayeso anabweretsa giredi ina pamwamba pa A, A wokhala ndi kanyenyezi. Lorraine anangomva m'makhonde kuti nyenyeziyo imafuna malikisi 90 pa 100 aliwonse. Anawerengera yekha m'mutu akuyenda, n'kupeza 540 pa 600, basi nkhani inathera pomwepo. Sanafunse munthu.

Keeley anali mwana wanzeru zoopsa, wofatsa, wosiyana ndi mayi ake ngati sanatuluke m'mimba mwake. Kuyambira ali wamng'ono ankafuna udokotala wa ziweto. Loweruka lililonse ankakwera basi kupita kumafamu a kumapiri kukathandiza kubereketsa nkhosa, n'kubwera akununkha khola. Mu Januwale wa 2013, ali m'chaka chachiwiri, kalata inabwera kuchokera kuyunivesite ina yakale ya kumwera: malo alipo, koma apeze A awiri, ndi A wa nyenyezi pa bayoloje. Popanda nyenyeziyo, malo palibe.

Tsiku limenelo ndinali konko. Lorraine anaiwerenga kalatayo akuzungulira tebulo, kenaka anatenga envulopu yake n'kuyamba kulemba kumbuyo.

"Chaka chatha unapeza 255. Kuti ufike 540, ndiye kuti chaka chino upeze 285 pa 300. Ayi, zimenezo n'zosatheka. Ubwereze mapepala awiri a chaka chatha."

"Amayi, aphunzitsi akuti a chaka chathawo sawerengedwa pa nyenyezi," anatero Keeley.

"Sawerengedwa bwanji? Malikisi ndi malikisi. Akawataya kuti, m'nyanja?"

"Akuti amangoona a chaka chino."

"Aphunzitsi akowo ndi ulesi, safuna kukubwerezera zakale. Ine ndili m'holo muja zaka zingati? Iwo abwera liti?"

Ine ndinalowererapo. Ndinati, "Iwe Lorraine, m'holo muja umayendamo, sulembamo. Pita ukafunse kwa a Satterthwaite." A Satterthwaite ndi bambo amene amasunga zonse za mayeso pakoleji, ofesi yawo ili khomo lachitatu kuchokera kukhitchini kwanga.

"Iwe Bev, zako ndi mbatata," anandiyankha. "Ndikafuna kudziwa za tchipisi ndidzakufunsa."

Ndinapsa mtima, ndinatenga jekete langa n'kutuluka. Ndikanakhala munthu wabwino ndikanapita ndekha kwa a Satterthwaite m'mawa mwake, masitepe makumi awiri basi. Koma ndinati aone yekha, ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Pofika Epulo m'nyumba muja simunakhalikenso. Lorraine anakafukula mabuku a chaka chatha m'katoni, anagula timakadi ndi zolembera za mitundumitundu, n'kumakopera mafunso kuchokera m'mabukumo, mawu amene iye mwini samatha kuwatchula. Anamata timakadito pafuriji, pagalasi, pachitseko cha kuchimbudzi. Mwana akudya nyemba ndi buledi, iye ali chilili kumbuyo kwake ndi kadi. Mwana akutsuka mano, iye ali pakhomo.

"Mtima uli ndi zipinda zingati?"

"Zinayi, Amayi."

"Eya! Wakhoza. China ichi. Mito... mitoko... aa, werenga wekha chinthuchi."

Amaseka onse awiri, ndipo ndivomere kuti ndinali ndisanawaonepo akuseka chotero. Koma ine mtima sunali m'malo. Mwezi wa Epulo unatha, theka la Meyi linatha, mwana akubwereza za mtima ndi mapapo zomwe anazikhoza kale, mabuku a chaka chachiwiri ali pansi pa bedi. Ndinakumana naye tsiku lina pamzere wa chakudya, maso ali psuu. Ndinamuwonjezera chidutswa cha nsomba n'kumufunsa ngati zikuyenda.

"Zikuyenda, Anti. Ndikamaliza obwerezawa ndikhala ndi milungu itatu."

"Milungu itatu ya mabuku a chaka chonse?"

Anangokweza mapewa n'kutenga mbale yake.

Masiku amene Keeley amalemba, Lorraine sankaloledwa kulowa m'holo, poti malamulo salola kuyang'anira mwana wako. Ndiye amabwera kukhitchini kwanga kudzandisokoneza. Atsegule furiji, atseke, asuzumire pawindo, afunse nthawi wotchi ili pamkono pake. Ndinam'patsa thumba la kaloti kuti asende, anasenda atatu n'kudzicheka chala.

Zotsatira zimatuluka Lachinayi lina pakati pa Ogasiti. Ana ena amayamba aona pakompyuta ngati yunivesite yawatenga, koma Keeley anakana, anati akufuna pepala m'manja. Tinapita atatu kukoleji, kukuwaza kamvula. Keeley anatuluka m'holo ndi envulopu yosatsegula, ndipo asanafike n'komwe pagalimoto mayi ake anali atam'tsomphola kale. Lorraine sanayang'ane zilembo, anathamangira manambala. Chaka choyamba, 292. Chaka chachiwiri, 268. Anaphatikiza milomo ikuyenda.

"560! Bev, 560! Wapitirira ndi makumi awiri! Ndinanena ine! Ndinanena!"

Analumpha pamalo oimika magalimoto ngati kamwana, mzimayi wa zaka 46, anandikumbatira mpaka magalasi anga anagwa. Makolo ena anayamba kumuombera m'manja. Keeley anatola pepala lija pomwe linagwera, analiyang'ana kamodzi, n'kulipinda bwinobwino.

"Ndi A, Amayi."

"Eya, A wa nyenyezi."

"A yekha."

Lorraine analanda pepalalo. Analiyandikitsa kumaso, analitalikitsa, anayang'ana kumbuyo ngati nyenyeziyo yagwera kumeneko. Kenaka anati makina alakwitsa, n'kuyamba ulendo wa ku ofesi ya a Satterthwaite, ife pambuyo. Panjira tinakumana ndi Niamh, mnzake wa Keeley, akulira ndi chimwemwe. Lorraine anam'funsa malikisi ake mosachita manyazi. Onse pamodzi 511, koma nyenyezi anali nayo. Apo ndiye moto unayaka.

"Bambo Satterthwaite, tandiuzani, kuyambira liti 511 kuposa 560? Kapena masamu anasintha ine ndili kutchuthi?"

Bambo aja ndi ofatsa, ndipo Lorraine amam'dziwa bwino. Anam'kokera mpando, iye anakana. Anatenga pepala n'kujambula mabokosi awiri.

"Mayi Postlethwaite, nyenyezi ili ndi makomo awiri. Khomo loyamba, malikisi onse afike 480. Apo mwana wanu anadutsa kalekale. Khomo lachiwiri, mapepala a chaka chachiwiri okha afike 270 pa 300. Niamh wapeza 272. Keeley wapeza 268."

"Nanga 292 uja?"

"Ndi malikisi abwino kwambiri. Koma pakhomo lachiwirili salowa."

"Ndiye akanapanda kubwereza?"

A Satterthwaite anandiyang'ana ine, ngati ndingawapulumutse. Kenaka anati, "255 wake uja anali wokwanira, mayi. Ankangofunika 270 chaka chino."

Lorraine anakhala pampando paja.

Tinachita zonse zimene anthu amachita. Tinapempha kuti pepala lalikulu lichongedwenso mwachangu, ndipo Keeley anaimbira kuyunivesite kuja, iwo n'kunena kuti asunga malowo mpaka kumapeto kwa mwezi. Masiku asanu ndi anayi amene tinadikira yankho Lorraine anayenda tawuni yonse ya Barrow. Amapita kukoleji m'mawa, masana, n'kubwereranso asanatseke, mpaka a Satterthwaite anayamba kudyera m'galimoto mwawo. Anatsuka mawindo a nyumba yake, anabwera kudzatsuka anga, anapenta mpanda wa aneba osapemphedwa. Usamufunse ngati wadya, akulumphira. Yankho litabwera, malikisi sanasinthe ngakhale limodzi. Malo aja anapatsidwa wina. Keeley anatenga malo amene anawasankha ngati achiwiri, maphunziro a sayansi ya zinyama kuyunivesite ina, omwe sapangitsa munthu kukhala dokotala.

Masiku ano njira yowerengera ija anaisintha, zobwereza mapepala a chaka choyamba zija kulibenso. Lorraine akadali m'holo, tsitsi layamba imvi. Koma zimene ndikufuna kunena zinachitika mu Seputembala wa chaka chomwecho, tikulongedza katundu wa Keeley. Ine ndinali kupinda zofunda, Lorraine akukwera ndi kutsika masitepe ndi zinthu zosafunika, chitsulo chositira, mapoto atatu, ambulera. Mwezi wonse anali asanaitchule nkhani ija. Mwadzidzidzi anaima pakhomo la chipinda, poto ali m'manja.

"Iwe, unkadziwa?"

Keeley sanafunse kuti chiyani. "Ndinkadziwa, Amayi."

"Motsimikiza? Osati zongomva kwa aphunzitsi?"

"Ndinawerenga ndekha malamulo ake. Mu Januwale momwemo."

"Ndiye bwanji sunandikanize? Bwanji sunandiponyere pepalalo kumaso? Uli ndi pakamwa iwe! Unangondisiya ndikudye milungu isanu ndi umodzi ngati chitsiru?"

Ine ndinati tsopano ayambana, ndipo mumtima ndinali mbali ya mwana. Koma Keeley anapitiriza kukulunga masokosi, osadzutsa mutu.

"Ndinkaganiza kuti ndikwanitsa zonse ziwiri," anatero. "Ndinatsala pang'ono."

"Sindikufunsa zimenezo."

"Amayi, kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndikabwera ndi ntchito ya kusukulu munkati mutu ukupweteka, n'kuthawira kukhitchini. Ndinkadziwa kuti si mutu. Ndiye tsiku lija munabwera ndi timakadi tanu, mutalemba nokha ndi dzanja lanu, mazana awiri. Munali mutapeza pondithandizira. Ndikanakulandani bwanji?"

Ndinamva chisoni chimene sindinamvepo, ndinamvanso manyazi, poti ine ndinalibe chifukwa chabwino chotero chokhalira chete. Lorraine anayang'ana poto uja ngati sakudziwa kuti wafika bwanji m'manja mwake. Kenaka anafunsa ndi timawu tating'ono, tosakhala take.

"Ndiye udokotala uja watha?"

"Ndikamaliza zaka zitatuzi ndingathe kupemphanso. Amatenga ochepa."

"Ochepa bwanji? Pamafunika malikisi angati? Ndiuze, ndi..."

Anadzidula yekha. Anaika poto pansi, anapukuta manja m'siketi ngakhale anali ouma.

"Ayi, usandiuze," anatero. "Ukafunse kwa odziwa, mwanangu. Ine usandiuze."